Sitadi ya tayala yathyoka: kodi mungaisinthe nokha pakhomo?

Pa Vitz, Passo kapena Probox, tayala lililonse limagwiridwa ndi masitadi anayi okha. Pa Hilux ya 4x4 alipo 6. Imodzi ikathyoka kapena ikatha mazinga, eni galimoto ambiri amawerenga otsalawo n'kunena kuti tiona mawa, ndipo miyezi imapita galimoto ikuyenda choncho, itanyamula ana a sukulu ndi matumba a chimanga. Chonsecho pa magalimoto ambiri, kusintha sitadi ndi ntchito yotheka pakhomo kwa munthu amene amadziwa kusintha tayala ndiponso saopa kumasula buleki. Chofunika n'kudziwa chimene chinaithyola, ndi kudziwa pofunika kuimira n'kuwasiyira amakaniko.

Kodi sitadi n'chiyani, nanga ikusiyana pati ndi bawuti wamba?

Mukachotsa tayala, tizitsulo ta mazinga timene timatsala titasongoka pa habu (chitsulo chozungulira pamene pamamangidwa tayala) ndiye masitadiwo. Iliyonse ili ndi mutu wophwathalala umene umakhala kuseri kwa habu, khosi la timano ting'onoting'ono, ndi mazinga oyendamo nati. Sitadi samachita kuimanga pa habu ayi. Amailowetsa mothina kuchokera kumbuyo, timano tija n'kuluma m'mbali mwa bowo kuti isamazungulire pomanga nati. N'chifukwa chake imatha kutuluka yokha, habu n'kutsala yabwinobwino.

Si magalimoto onse ali ndi masitadi. Volkswagen, BMW, Audi ndi Mercedes-Benz ali ndi mabawuti amene amadutsa pa limu n'kukalowa m'mazinga a mu habu. Pano tikukamba za magalimoto a ku Japan ndi ku Korea, omwe ndiwo achuluka m'misewu yathu.

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto imatsamira pa masitadi, koma si mmene zilili. Nati ikamangidwa, sitadi imatamuka pang'ono zedi, mosaoneka ndi maso, ndipo pofuna kubwerera m'malo imakanikizira limu pa habu mwamphamvu. Kugwirana kwa limu ndi habu kumeneku ndiko kumanyamula kulemera kwa galimoto, kukoka kwa injini ndi kugwira kwa buleki. Zili ngati mphira yomangira katundu pa kaliyala wa njinga: mukapanda kuikoka mokwanira katundu amagwedera, mukaikoka mopitirira imatha mphamvu n'kuduka. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa chifukwa chimene masitadi amathyokera.

Ndiye chimawathyola n'chiyani?

Choyamba ndi kumanga mopitirira muyezo, ndipo pano mpofunika kuchedwapo pang'ono, chifukwa ambiri amakutenga ngati kusamala. Pa malo omatira matayala mumaona mnyamata akulowetsa paipi yaitali pa sipanala n'kuikwera ndi phazi, kapena akuwomba nati ndi mfuti ya mpweya mpaka phokoso litasintha. Mwini galimoto amachoka wokhutira kuti tayala lagwira. Tiyeni tiwerengetsere. Toyota imati manati a magalimoto ake ang'onoang'ono ambiri, monga Corolla, amangidwe pa 103 Nm. Pa sipanala yotalika masentimita 30, imeneyo ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 35 atapachikidwa kunsonga kwake. Munthu wolemera makilogalamu 70 akaimirira pa sipanala yomweyo wafika kale pa 200 Nm, kuwirikiza kawiri. Akaimirira kunsonga kwa paipi ya mita imodzi akuyandikira 700 Nm. Sitadi yokokedwa chotero imatamuka osabwereranso. Tsiku limenelo mwina siithyoka, koma yafa kale, ndipo idzadukira m'manja mwa amene adzamasule tayalalo ulendo wotsatira, kapena pa dzenje la mumsewu.

Chachiwiri ndi nati yosamangitsa. Limu likayamba kugwedera, ngakhale pang'ono, sitadi imapindikira uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse kwa tayala, mng'alu n'kuyamba, n'kumakula mpaka kuthyoka. Nthawi zina nati imakhala kuti inamangidwa bwino, koma pakati pa limu ndi habu panatsala dzimbiri, matope ouma kapena penti yochindikala. Zimenezi zikaphwanyika poyenda, pamatsala mpata ndipo nati imakhwefuka yokha.

Chachitatu ndi kulowetsa nati mopendekeka kenaka n'kuikakamiza ndi sipanala. Mazinga amadyana, ndipo nati imalimba isanafike n'komwe pa limu.

Palinso oyilo kapena girisi wopakidwa pa mazinga. Miyezo imene opanga magalimoto ang'onoang'ono amapereka ndi ya mazinga oyera ndi ouma. Akakhala oterera, mphamvu yomweyo ya dzanja imakoka sitadi kwambiri kuposa mmene ikufunikira.

Chidutswa chothyokacho chimanena chokha chimene chinachitika, mukachiyang'anitsitsa. Chikakhala choning'a pafupi ndi pamene chadukira, mazinga atatalikirana, ndiye kuti inamangidwa mopitirira. Pothyokapo pakakhala mbali ina yakuda kapena yadzimbiri, yosalala, ndi kambali kena kowala kokhakhala, ndiye kuti mng'alu unayamba kalekale ndipo kowalako ndi kachitsulo komaliza kamene kanali katagwirira. Zikatero dziwani kuti tayalalo lakhala likugwedera kwa nthawi, ndipo masitadi enawo alawako zomwezo.

Yathyoka imodzi yokha. Sindingayendebe?

Ulendo wochoka pamene yathyokera kukafika kunyumba kapena kugalaja, pang'onopang'ono, mutatsimikiza kuti manati otsala ndi olimba, umenewo ndi womveka. Kupitirira apo ayi. Pa tayala la masitadi anayi, imodzi ikachoka mbali yonse ya limu imatsala yosakanikizidwa, ndipo awiri oyandikana nayo amasenza ntchito yosakhala yawo. Ikathyoka yachiwiri, otsalawo satenganso nthawi. Zikakhala kuti athyoka awiri, galimoto isasunthe.

Zizindikiro zina zimabwera tayala lisanachoke: chiwongolero kunjenjemera, kugogoda kumene kumatsatira liwiro la tayala, timizere ta dzimbiri tochokera pa nati kulowera kunja, ndi mabowo a limu amene atambasuka osakhalanso ozungulira. Limu la mabowo otambasuka ndi lotha ntchito, ndipo lidzathyolanso masitadi atsopano mukalibwezera.

Ndikagule yotani? Poti onse amaoneka ofanana.

Amaoneka ofanana, koma sali ofanana. Toyota, Honda, Mazda, Mitsubishi, Daihatsu, Hyundai ndi Kia, pa magalimoto awo ang'onoang'ono ambiri, ali ndi mazinga a M12 x 1.5. Nissan, Subaru ndi Suzuki ambiri ali ndi M12 x 1.25. Kunenepa n'kumodzi, mamilimita 12, koma kutalikirana kwa mazinga n'kosiyana. Nati ya Toyota imalowa pa sitadi ya Nissan kamodzi kapena kawiri kenaka n'kulimba, ndipo amene aikakamize wawononga zonse ziwiri. Magalimoto akuluakulu, monga Land Cruiser 100 ndi 200, ali ndi M14 x 1.5.

Mazinga akagwirizana, pamatsala kutalika kwa sitadi ndi kukula kwa khosi la timano lija. Khosi likachepa sitadi imazungulira m'bowo, likakula imakana kulowa kapena imawononga bowolo. Nthawi zina masitadi akutsogolo amasiyana ndi akumbuyo pa galimoto imodzi yomweyo. Njira yosavuta n'kuchotsa kaye yowonongekayo, kupita nayo kusitolo pamodzi ndi nambala ya chassis, n'kukaziika pamodzi pa kauntala.

Musagule sitadi yochotsedwa pa galimoto ina. Simungaone ndi maso ngati inatamuka kale, ndipo timano take tinaphwanyika polowa koyamba. Musaikenso bawuti wamba ya ku hardware. Masitadi amapangidwa ndi chitsulo cholimbitsidwa mwapadera, nthawi zambiri cha giredi 10.9.

Gulaninso manati atsopano, ndipo muyang'ane tsinde lake, pamene imakhudza limu. Malimu achitsulo ndi malimu ambiri ogula padera amafuna nati ya tsinde losongoka. Malimu a aluminiyamu obwera ndi Toyota amafuna nati ya tsinde lophwathalala yokhala ndi washala. A Honda amafuna ya tsinde lobulungira. Nati yolakwika imakhudza limu ndi kamalo kochepa, ndipo imamasuka ngakhale mutaimanga bwanji.

Ine ndimati ngati sitadi yathyoka chifukwa chomangitsa kapena chifukwa cha kugwedera, sinthani onse a tayala limenelo. Anamangidwa ndi munthu mmodzi, tsiku limodzi, ndi paipi imodzi. Ngati ndi mazinga okha amene awonongeka polowetsa nati mopendekeka, imodziyo ikukwanira.

Ndikonze zipangizo ziti?

Jeke, masitandi ochirikizira galimoto, sipanala ya matayala, masoketi omasulira buleki, nyundo yolemera ngati kilogalamu imodzi, mawashala angapo a bowo lokulirapo kuposa khosi la sitadi, nati imodzi yobowoka mbali zonse, bulashi ya waya, kawaya kopachikira, ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati), ngakhale yobwereka.

Masitandi si chinthu chokambirana. Jeke wobwera ndi galimoto anapangidwira kusintha tayala mphindi zochepa, osati kuti muzikhoma ndi nyundo galimoto ili m'mwamba. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosachenjeza. Gwirirani ntchito pamalo olimba ndi osatsetsereka, mutchinge matayala otsala pansi ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo tayala limene mwachotsalo muligoneke pansi pa galimoto kuti ikagwa ipeze pofikira.

Yowonongekayo ndiichotsa bwanji?

Khwefulani manati galimoto ikadali pansi, kenaka muikweze, muikhazike pa sitandi, n'kuchotsa tayala. Kuti mutu wa sitadi uoneke, buleki iyenera kuchoka.

Ngati ndi buleki ya disiki, masulani mabawuti awiri akuluakulu amene amagwira chonyamulira kalipa (chitsulo chofinya disiki) kuseri, musolole kalipayo, n'kuipachika pa sipuling'i ndi kawaya. Isalendewere pa paipi yake ya mphira, chifukwa paipiyo imatha kuwonongeka mkati kunja ikuoneka bwino. Samalani ndi kachingwe ka ABS kamene kamadutsa pomwepo, ndipo pasapezeke woponda buleki kalipa ili pamtunda. Disiki imasololoka ndi manja, ngakhale kuti pa magalimoto ena imagwiridwa ndi timasikuluwu tiwiri. Ngati ndi buleki ya dilamu, kumbuyo, tsitsani handibuleki chifukwa ndiyo imagwira dilamuyo. Ikakanirira ndi dzimbiri, yang'anani timabowo tiwiri ta mazinga pankhope pake. Pa Toyota zambiri mumalowa bawuti ya M8, ndipo mukamamanga mabawuti awiriwo mosinthanasinthana, dilamu imatuluka yokha. Fumbi la mkatimo musaliuzire ndi pakamwa.

Tsopano zungulizani habu ndi dzanja mukusuzumira kuseri. Pali malo amodzi pamene chitsulo chopyapyala chotchinga fumbi chili ndi mpata, kapena pamene panali kalipa paja. Imikani sitadiyo pamenepo kuti ipeze potulukira.

Njira yabwino koposa ndi kuikankha ndi chida chochotsera ma ball joint, ndipo ndi imene mabuku okonzera magalimoto a Toyota amasonyeza. Chidacho chimagwira habu kuseri n'kukanikiza sitadi kutsogolo, popanda kugunda kulikonse. Ambiri pakhomo alibe chidachi ndipo amatenga nyundo. Nyundo imagwira ntchito, koma kumbukirani kuti kuseri kwa habu kuli beringi, ndipo kugunda kulikonse kumakafika ku timipira take. Kumenya kwambirimbiri kumasiya timaenje m'njira ya timipirato, pakapita milungu tayala n'kuyamba kulira. Choncho thirani mankhwala osungunula dzimbiri pakhosi pa sitadi, dikirani pang'ono, mulowetse nati yakale mpaka ifanane ndi nsonga ya sitadi kuti nsongayo isaphwathalale, kenaka mumenye molunjika, mwamphamvu, kawiri kapena katatu. Ikasuntha chotsani natiyo, sitadi igwera kumbuyo. Yothyokera m'munsi imafuna kachitsulo kokhomera kochepa kuposa bowo.

Nati ikukana kumasuka, kapena ikungozungulira limodzi ndi sitadi. Nditani?

Yambani mwafunsa ngati mukuzunguliza koyenera. Malole ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Canter, Dyna ndi Elf, ali ndi mazinga obwerera kumanzere pa matayala a mbali ya kumanzere, ndipo kawirikawiri pansonga pa sitadi pamalembedwa L. Amene sakudziwa amalimbitsa akuganiza kuti akumasula, mpaka kuthyola.

Nati imene yadyana ndi sitadi, poti sitadiyo ndi yotaya kale, mutha kuikakamiza ndi sipanala yaitali mpaka idukire limodzi. Vuto lalikulu ndi pamene zonse zikuzungulira pamodzi. Pamenepo ndiye kuti timano tasiya kuluma, tayala silingachoke, ndipo pamafunika kubowola natiyo kapena kuidula mosawononga limu. Ntchito imeneyo ndi ya kugalaja. Ikatheka, bowo la pa habu liyang'anidwe. Likakhala lakula moti sitadi yatsopano ikulowa ndi chala chokha mpaka kumutu, habu yonse ndiyofunika kusintha.

Nanga yatsopano ilowa bwanji?

Tsukani bowo ndi bulashi, mulowetse sitadi kuchokera kumbuyo, muizungulize pang'ono ndi zala mpaka timano take tigwere m'mizere imene yakale inasiya. Kutsogolo ikani mawashala atatu kapena anayi, kenaka nati yobowoka ija, mbali yake yophwathalala itayang'ana mawashala. Kagirisi pang'ono pakati pa mawashala kamathandiza. Pomanga natiyo, sitadi imakokedwa kulowa m'bowo. Habu idzafuna kuzungulira, ndiye pingasani chitsulo chachitali pakati pa masitadi ena awiri, mutawaveka manati akale kuti mazinga asaphwanyike, nsonga ya chitsulocho itsamire pansi.

Mangani ndi dzanja, modekha, mukuima n'kumasuzumira kuseri. Poyamba pamalimba mofanana, kenaka mumamva kuti yafika. Mutu wa sitadi uyenera kugona pa habu mbali zonse, osasiya mpata ngakhale wolowa kapepala. Apa mpamene ntchito zambiri zapakhomo zimalakwikira. Munthu amaona kuti yatsala pang'ono n'kunena kuti imaliza yokha pomanga tayala. Imamalizadi, koma imamalizira pamsewu, ndipo ikalowa kotsalako nati imene munamanga bwino ija imakhala yakhwefuka. Mutu ukagona, lekani pomwepo. Kupitiriza ndi kutamula sitadi yatsopano isanayende n'komwe.

Nati yokokera ija musaiikenso pa tayala. Pukutani girisi yense pa mazinga, mupale dzimbiri pankhope ya habu ndi kuseri kwa limu, mubwezere disiki ndi kalipa, mabawuti ake muwamange pa muyezo wa m'buku la galimoto yanu.

Sitadi ikugunda chitsulo kumbuyo, sikutuluka. Ena akuti ndipale mutu wake, ena akuti ndingowotcherera.

Pa magalimoto ena, makamaka matayala akutsogolo a Honda zina, mpata kuseri kwa habu ndi wochepa moti sitadi yathunthu singadutse. Chitsulo chopyapyala chotchinga fumbi chikakhala ndicho chikutsekereza, chimatheka kumasula kapena kupinda pang'ono n'kudzachiwongola. Koma ikamagunda chitsulo chochindikala chonyamula beringi, njira yoyenera n'kuchotsa habu, ndipo pa magalimoto otere habu ikatuluka beringi imawonongeka, n'kufuna yatsopano yolowetsa ndi pulesi. Apa ntchito yapakhomo yathera pomwepa.

Kupala mbali imodzi ya mutu kuti idutse anthu amachitadi, koma mutuwo ndi umene umagwira mphamvu yonse ya nati, ndipo sindingalangize munthu kuuchepetsa pa galimoto yonyamula banja lake. Kupala chitsulo chonyamula beringi ndiye n'koipa kuposa pamenepo. Kuwotcherera nakonso ayi. Moto umafewetsa chitsulo cholimbitsidwa chija, umatha kupinda habu ndi kuwononga girisi wa mu beringi, ndipo sitadi yowotcherera ikadzathyokanso singachoke popanda kutaya habu.

Pomanga tayala, ndidziwa bwanji kuti zakwana?

Nati iliyonse iyambe ndi zala, ndipo izungulire mosavuta. Ikalimba isanapite patali, ibwezeni muone chavuta. Werengani kuzungulira kwake kuyambira pamene yagwira mpaka itafika pa limu: pa M12 x 1.5 kusachepere ka 8, pa M12 x 1.25 kukhale pafupifupi ka 10. Kukachepa, sitadi yafupika poyerekeza ndi limu limenelo, zomwe zimachitika kawirikawiri munthu akaika malimu a aluminiyamu ochindikala pa galimoto imene inabwera ndi achitsulo.

Mangani modumphitsa, nati iyi kenaka yoyang'anizana nayo, kuti limu likhale pakatikati. Limbitsani pang'ono galimoto ili m'mwamba, muitsitse, kenaka mumalize ndi torque wrench. Toyota zing'onozing'ono zambiri ndi 103 Nm, Honda zambiri ndi 108 Nm, koma nambala yoitsatira ndi imene ili m'buku la galimoto yanu. Chidacho chikalira kamodzi, basi, musawonjezere. Ngati simunachipeze, gwiritsani ntchito sipanala yobwera ndi galimoto, ndi manja okha, popanda phazi kapena paipi, ndipo tsiku lomwelo mupite pamalo pamene ali nacho akayeze.

Musanachotse galimoto, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, chifukwa kalipa ikachotsedwa kuponda koyamba kumatha kupita pansi osagwira. Yendani pang'onopang'ono pafupi ndi kunyumba mukumvetsera. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, yezaninso manati onse a tayala limenelo. Ikapezeka ina yakhwefuka, imangeni, mudzayezenso. Ikakhwefukanso kachiwiri, pali chimene sichinakhale bwino, ndipo tayalalo lichokenso muone mutu wa sitadi, tsinde la nati ndi mabowo a limu.

Ulendo wina mukapita kokamatitsa tayala, musapite kukakhala pamthunzi. Imani pomwepo, muwauze kuti manati ayambe ndi zala, ndipo paipi ija isayandikire galimoto yanu.